Ndinkadikira Basi ya Bandakucha

Uthengawo unandipeza ndili pa makina, ndikusoka mayunifolomu a ana a sukulu. Linali Lachiwiri m'mawa, nthawi yozizira, msika wa ku Matero, mu Lusaka, usanadzaze. Foni itanjenjemera m'thumba la epuloni ndinayamba ndamaliza kaye msoko wa kolala, chifukwa kolala ukaisiya pakati imakhota. Kenako ndinawerenga.

Unali wochokera kwa malume, mlongo wawo wa amayi, amene amakhala kumudzi cha ku Mchinji, ku Malawi. Amayi anali kumeneko sabata yachitatu. Anapita kukaweruza nkhani ya dimba limene akulu awo anasiya pomwalira, poti ana a malemuwo ankalimbirana mpaka kusiya kupatsana moni. Malumewo anali mphunzitsi kale, ndipo ngakhale pa foni amalemba ngati akulemba kalata ya mu envulopu. Uthenga wawo unali wotere:

"Wokondedwa mwana wathu, kuno kwagwa zovuta. Mayi anu atsogola m'bandakucha wa lero. Nafenso tsiku lina tidzawatsatira. Tikudikira mawu ochokera kwa inu ana. Ndine malume anu."

Inu amene munakulira m'Chichewa mwamva kale. Ine sindinamve. Ndinawerenga kamodzi, n'kumwetulira.

Ndinabadwira ku Matero. Bambo anga nawonso anabadwira komweko, makolo awo atachoka ku Malawi kudzafuna ntchito. Atakula anapita kumudzi kukakwatira, n'kubwera ndi amayi ali mtsikana. Bambowo anamwalira ine ndili wamng'ono, ndipo amayi anatilera awiri, ine ndi achimwene anga, ndi malonda a zitumbuwa. Pokhala pamsika tsiku ndi tsiku, lilime lawo linatembenuka. Ankayankhula ngati wina aliyense wa mu komboni, ankati vinthu, ankati manje, ankati nifuna. Chichewa cha kwawo chinkatuluka nthawi ziwiri zokha, akamapemphera ndi akapsa mtima kwambiri, ndipo nthawi zonse ziwirizo ife ana tinkakhala titatsinzina kapena tikuthawa.

Polemba ndiye panali posokoneza, ngakhale ine sindinkaona kuti n'posokoneza. Baibulo la amayi linkalemba kuti chifukwa, zinthu, ndikufuna. Buku la Chinyanja la kusukulu linkachotsa h, linkati cifukwa, cinthu, cakudya, ndipo aphunzitsi ankatidula malikisi tikabwezerapo h uja. Pa foni, ndi anzanga, tinkalemba momwe pakamwa patulukira, vinthu, nifuna, ba mai babwela. Ndinkangoti zonsezi n'chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kavalidwe chabe. Mukanandifunsa m'mawa umenewo kuti kodi Chichewa umachidziwa, ndikanakusekani. Agogo anga onse anayi anali a ku Malawi.

Ndiye uthenga uja ndinaumva motere. Zovuta ndi mkangano wa dimba uja, wafika poipa, ndipo amayi, amene sankakonda phokoso la abale, atopa nazo. Atsogola, ndiye kuti anyamuka kubwerera ku Lusaka, pakuti panali kale mawu akuti malume adzabwera nawo limodzi kudzaona zidzukulu, tsono iwo atsalira, adzabwera tsiku lina. Mawu akuti m'bandakucha ndinali ndisanawamvepo chibadwire. Koma poti analemba kuti atsogola m'bandakucha wa lero, ndinangoti limeneli ndi dzina la basi, monga momwe timanenera kuti wakwera yakutiyakuti ya m'mawa. Ndinaganiziranso kuti dzinali n'lokoma, mwina mwini wake ndi a Banda.

Amayi akamachokera kumudzi ankagona ku Chipata kwa mnzawo wa kutchalitchi, n'kukwera basi yoyamba tsiku lotsatira. Nambala yawo ya ku Zambia inali yosagwira kuyambira pamene anawoloka malire, choncho kusaimba kwawo sikunandidabwitse. Ndinayankha ndi chala chimodzi, dzanja linalo litagwira nsalu:

"Zikomo maningi ba malume. Tizabalandila mailo pa siteshoni. Basaibale tii ya ku Malawi na nshaba."

Ndinkathokoza, ndinkati tidzawalandira mawa, ndipo asaiwale masamba a tiyi ndi mtedza. Amayi ankabweretsa zimenezi ulendo uliwonse. Ndinaganiza kuti ngati aiwala, malume angathe kuwaimbira pa nambala yawo ya ku Malawi akadali m'njira. Nditatumiza ndinaimbira achimwene, amene amayendetsa minibasi ya Matero ndi m'tauni, n'kuwauza kuti amayi akubwera mawa. Anati chabwino, ukawatenge ndiwe, ine ndidzawaona madzulo. Basi. Ndinabwerera pa makina n'kusoka tsiku lonse, ndikuimba.

Lachitatu ndinasesa m'chipinda cha amayi, n'kuyanika bulangete lawo pa chingwe. Ndinaphika ndiwo zankhwani zotendera, n'kuzivundikira. Isanakwane nthawi ya nkhomaliro ndinali nditafika kale pa siteshoni yaikulu ya m'tauni, pomwe mabasi a kum'mawa amatsitsira anthu.

Basi yoyamba ya ku Chipata inafika. Ndinaima pakhomo pake n'kuona aliyense akutsika, mpaka wotsiriza, mayi wina wa mwana kumbuyo. Yachiwiri chimodzimodzi. Itafika yachitatu amayi mulibe, ndinapita pa tebulo la bambo wina wodula matikiti.

"Ba tata, basi ya Bandakucha ifika na nthawi bwanji?"

Anandiyang'ana. "Ya ndani?"

"Bandakucha. Ichokela ku Malawi, olo ku Chipata."

"Kulibe basi ya so pano, ba sisi." Anafunsa mnzake wa tebulo loyandikana, nayenso anapukusa mutu. Wina anati mwina ndi yatsopano. Ine ndinayamba kukwiya, ndinkaona ngati akungofuna kundizunguza. Ndinakweza mawu, ndinati amayi anga akwera Bandakucha ya dzulo, ndili ndi uthenga pa foni, musandiuze kuti kulibe.

Pafupi ndi tebulolo panakhala mayi wina wachikulire pa matumba a mpunga, akudikira woti amunyamulire. Anali atatsika basi yachitatu ija. Ndinamuona akutembenuka nditatchula dzina lija kachiwiri. Anandikodola ndi dzanja, ndipo atayankhula ndinamva Chichewa chonga cha m'mapemphero a amayi.

"Mwananga, mwati akwera chiyani?"

"Bandakucha, ba mai."

"Taonetsani uthengawo."

Ndinamupatsa foni. Anaitalikitsa ndi maso, n'kuwerenga milomo ikugwedera. Anawerenganso. Kenako anaika foni ija pamiyendo pake n'kundiyang'ana nthawi yaitali, moti ndinayamba kuchita manyazi.

"Analemba ndi ndani?"

"Ba malume."

"Mayi akunenedwawa ndi mayi anu okuberekani?"

"Ee."

"Mwabwera ndi ndani pano?"

"Nili neka."

Anasuntha pa thumba paja. "Khalani pansi apa."

Ndinakana, ndinati ndikufuna kuona basi ikamalowa. Anandigwira pamkono, ndipo dzanja lake linali lamphamvu ngati la mwamuna. Anandikhazika pa mpunga wake. Anamasula chitenje chimene anafunda m'mapewa n'kundimanga nacho m'chiuno, iye mwini, ngati akuveka mwana. Chimenecho chokha ndinkachidziwa. Ku Matero nakonso mkazi amamangidwa m'chiuno asanauzidwe uthenga woipa.

"M'bandakucha si basi, mwananga. Ndi nthawi. Ndi kum'mawa kwenikweni, tambala atalira, kusanayere." Anandigwira dzanja. "Ndipo kwathu tikati kwagwa zovuta, timanena maliro. Tikati munthu watsogola, ndiye kuti watisiya. Mayi anu anamwalira dzulo, kusanache."

Sindinalire. Ndinamulanda foni ija n'kuyamba kumuwerengera ine, mokweza, ngati iye ndiye sanamve. Ndinati onani, alemba kuti nafenso tidzawatsatira, ndiye kuti akubwera kuno. Iye anati inde, tonse tidzawatsatira. Ndinawerenganso mzere umenewo. Mawu anali omwewo amene ndinawerenga pa makina ndikumwetulira, palibe chilembo chimene chinasintha, koma tsopano ankanena chinthu china, poyera, ndipo sindinkamvetsa kuti dzulo ndinawerenga chiyani. Ndinakhala nawo uthenga umenewo m'thumba tsiku lathunthu ndi theka. Ndinagona nawo pamutu pa bedi. Ndinaphika nkhwani.

Akuti ndinakuwa mpaka anthu anasiya kukweza katundu. Ine chimene ndimakumbukira ndi fungo la mpunga ndi dizilo, ndi mayi uja akuuza anthu kuti apatuke, mwanayu apume.

Nditakhazikika pang'ono ndinayesa kuimbira malume, koma foni sinkalowa. Kumudzi kuja netiweki imagwira pa chulu chimodzi cha kuseri kwa tchalitchi, munthu amachita kupitako. Mayi uja anafunsa kuti kodi dzulo ndinayankha chiyani. Ndinamuonetsa. Anawerenga n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine. Mwawatumizira zimenezi?"

Anati ndimulole alembe ndiye. Analemba pang'onopang'ono ndi chala cha mkombaphala, n'kundiwerengera: "Malume, pepani kwambiri. Uthenga wanu sindinaumvetse, ndangouzidwa tsopano tanthauzo lake. Tikunyamuka. Chonde mutidikire." Ndinamufunsa ngati asaikepo kuti ndikulira. Anati akudziwa.

Achimwene anafika atasiyira mnzawo minibasi. Nditawauza anandikalipira pomwepo, pamaso pa anthu. "Nanga sunanionese chifukwa chani? Mesegi ya so usunga weka?" Ndinawapatsa foni. Anawerenga kawiri, nkhope ikugwa. Kenako ananena motsitsa kuti, "Apa balemba pati kuti bafa?" Mayi uja anawalozera mawu aja limodzi limodzi, ndipo achimwene anakhala pansi pa simenti, munthu wamkulu wa ana atatu, n'kubisa mutu m'mawondo.

Tili pomwepo yankho la malume linalowa. "Tamva. Thupi tinalipititsa kale ku nyumba yachisoni ya paboma, monga munapempha. Bwerani tidzakambirane."

Ndinafunsanso mayi uja kuti nyumba yachisoni n'chiyani. Anati ndi mochale. Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi mawu akuti monga munapempha. Ndinapempha chiyani ine? Mayiyo anaimirira. Womunyamulira mpunga anali atabwera kalekale ndi wilibala, akudikira. Ndinafuna kumubwezera chitenje chake, anakana. Sindinamufunse dzina, ndipo sindinamuonenso.

Tinakwera basi yoyamba ya Lachinayi. Pa mlatho wa Luangwa achimwene anandigulira madzi. Tinawoloka malire dzuwa litapendeka, ndipo pofika pamudzi tinapeza anthu ali mbwee pabwalo la malume, amuna pansi pa mtengo wa mango, akazi m'nyumba ndi kuseri. Nyimbo zinali zitatha mphamvu. Anthu amenewa anali atakhala pamenepo masiku atatu, pa maliro opanda thupi.

Azimayi anandilandira n'kundilowetsa m'nyumba, tinalira. Koma ndinkaona maso. Ena ankandiyang'ana n'kunong'onezana. Patapita kanthawi anabwera akazi awo a malume n'kunena kuti tikufunidwa kuseri kwa nkhokwe, ine ndi achimwene.

Malume anakhala pa mpando wa ndalema, atavala jekete lakuda, pamiyendo pali kope la sukulu. Panalinso akuluakulu ena atatu a pabanja ndi azakhali awiri. Titapatsana moni malume anatsegula kope lija. Ali ndi chizolowezi chokopera m'kope ndi bolopeni uthenga uliwonse wofunika umene walowa pa foni yawo. Anavala magalasi n'kuwerenga uthenga wanga mokweza, liwu limodzi limodzi, ndi pakamwa pa munthu amene sanakhaleko ku Lusaka.

"Zikomo. Maningi. Ba malume. Tiza-ba-landila. Mailo. Pa siteshoni. Basa-ibale. Tii."

Sindinamvepo chinthu chonyansa ngati mawu anga omwe tsiku limenelo. Anamveka ngati a munthu woledzera akuseka pamanda.

"Ine ndakulemberani kuti mlongo wanga, mayi anu, atisiya," anatero malume. "Inu mukuti zikomo. Zikomo kwambiri, atero amene anatimasulira. Tinakhala pansi pano kufunsana kuti ana amenewa akutanthauza chiyani. Mawu awa akuti mailo tinachita kuitana munthu amene anakhalako ku Zambia, iye n'kutiuza kuti ndi mawa, komanso ndi dzulo. Tinati kodi adzawalandira dzulo? Tinagwirizana kuti ndi mawa. Ndiye tinati anawa akufuna thupi la mayi awo lipite ku Lusaka, akalilandire pa siteshoni, ndipo tiyi ndi mtedza n'zoti anthu akadye pa maliro kumeneko. Zinatipweteka, koma tinati ana ndi ana, mayi ndi wawo. Adzukulu anali atakumba kale manda kufika m'chiuno, tinawaletsa. Tinapempha galimoto n'kutenga mlongo wanga kupita naye paboma. Dzulo m'mawa wonse ine ndinali m'maofesi kufunsa za mapepala owolotsera maliro."

Anatseka kope. "Tsopano tiuzeni. Munkatanthauza chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, za dimba, za basi, za siteshoni. Ndinkayesa kuyankhula Chichewa chawo koma chinkandithawa, ndinkangobwerera ku chathu. Nditafika pa Bandakucha mmodzi wa akuluakulu aja anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Malume sanaseke. Anati munthu wa magazi a pamudzi pano angalephere bwanji kumva mawu amene mwana wa sitandade 3 amamva.

Pamenepo mtima unandiwawa, ndipo ndinayankha mosaganiza.

"Koma ba malume, simunalembe kuti ba mai bafa. Sembe munalemba chabe kuti bafa, sembe ninamvela."

Azakhali onse awiri anakuwa pamodzi, wina n'kugwira kumutu. Mkulu wina anaimirira. Ine sindinadziwe kuti ndalakwanso chiyani. Akazi awo a malume anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti mawu amenewo satchulira munthu, makamaka mayi wako, thupi lisanalowe m'nthaka. Imafa ndi nkhuku, imafa ndi mbuzi. Kwathu ku Matero timati bafa tikulira ndi mtima wonse, ndipo palibe amene amamva chipongwe. Ndinazindikira kuti ndatukwana amayi anga pamaso pa abale awo, ndikuyesa kupepesa.

Achimwene ndi amene anatipulumutsa. Anagwada, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kunena m'chiyankhulo chathu chomwecho, pang'onopang'ono, kuti iwonso anawerenga uthengawo kawiri osaona imfa. Anati amayi sanatiphunzitse mawu amenewo chifukwa maliro onse amene tinaona ife anali a ku Lusaka. Anati mlongo wangayu anayanika bulangete la amayi, anaphika ndiwo, anaima pa siteshoni kuyambira m'mawa.

Malume anavula magalasi. Atayankhula, mawu awo anali atasintha.

"Ndinakhala pa chulu paja pafupifupi ola lathunthu," anatero. "Ndinalemba kuti amwalira, n'kufufuta. Ndinati mwanayu ali pamsika, ali pa makina, akawerenga mawu amenewa agwa pansi pakati pa anthu. Ndinafuna mawu oti akufikeni pang'onopang'ono." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ndaphunzitsa ana kulemba moyo wanga wonse."

Kenako anatiuza mmene zinachitikira. Nkhani ya dimba inali itatha bwino Lamlungu, ana aja anagwirana chanza. Lolemba madzulo amayi anadandaula mutu, anati usiya wokha. Kusanache akazi a malume anawamva akupuma moipa, ndipo pamene ankathamangira kukadzutsa mwini ngolo, zinali zitatha. Chikwama chawo chinali chomangamanga, ankati anyamuka Lachisanu.

Tinagwirizana kuti aikidwe pamudzi pomwepo, pafupi ndi mayi awo. Lachisanu m'mawa achimwene ndi malume anapita paboma kukatenga thupi, adzukulu n'kubwerera kukamaliza manda aja. Ndinamva kuti ena mwa iwo ankadandaula kuti chikhalire sanasiyepo dzenje pakati n'kulibwereranso. Palibe amene anandinena pamaso, koma mudzi wonse unkadziwa kuti ndine uja wa tiyi.

Asananyamuke kupita paboma, malume anandipatsa pepala ndi bolopeni. Anati pa mwambo pamawerengedwa mbiri ya malemu, ndipo iwo akudziwa za ubwana wa mlongo wawo basi, za ku Lusaka sakuzidziwa. Ndilembe ine. Ndinakhala pa khonde n'kulemba momwe ndimalembera, chifukwa njira ina ndinalibe. Ndinalemba kuti ba mai banali kuuka na kuseni-seni kupanga vitumbuwa, kuti banatilela beka, kuti banali kuimba mu kwaya ya bazimai, kuti mu mseu wathu mwana aliyense anali kubaitana ambuya.

Atabwerako anatenga pepala lija, bolopeni ili kale m'manja. Ndinawaona akusintha v woyamba kukhala z, wachiwiri, akufufuta ba n'kulemba a. Atafika pakati anaima. Anawerenga mpaka pansi osakhudzanso, n'kundibwezera.

"Ine sindingathe kuwerenga zimenezi, ndipunthwa. Ndikazikonza zonse zikhala zanga. Muwerenge nokha."

Kumudzi kuja si kawirikawiri mkazi kuima pa maliro n'kuyankhula, koma malume anapempha akuluakulu a mpingo ndipo analola. Iwo anawerenga gawo lawo, la kubadwa, ubatizo ndi ukwati, m'Chichewa chosalala ngati cha m'buku. Kenako anati za ku Zambia amva kwa mwana wa malemu. Ndinaimirira n'kuyamba kuwerenga. Nditangoti vitumbuwa ndinamva atsikana ena kumbuyo akudziletsa kuseka, wina n'kuwakalipira. Ndinapitiriza osakweza mutu. Nditafika poti banatilela beka, azimayi a kutsogolo anayamba kulira, omwe aja amene anakuwa dzulo lake. Gawo lotsala ndinalimaliza ndikulira, ndipo sindikudziwa ngati alipo amene anamva.

Tinakhala pamudzi sabata imodzi. Tsiku lililonse ndinkapeza mawu amene ndinkaganiza kuti ndimawadziwa ali ndi nkhope ina. Ndinayamba kuopa kutsegula pakamwa. Potsanzikana ndinapempha malume kuti ndizilemba kwa iwo, iwo azindikonza. Anavomera mwamsanga, ndikuganiza kuti ntchito ya uphunzitsi ankaisowa. Kuyambira pamenepo ndinkawalembera Loweruka lililonse, yankho n'kubwera Lamlungu akatuluka m'tchalitchi, uthenga wanga womwewo utakonzedwa, m'munsi muli nkhani za pamudzi. Chichewa ndikulembachi ndinachiphunzira choncho, ndili mayi wa ana, pa foni, kwa munthu wokalamba woima pa chulu. Nawonso nthawi zina ankafunsa. Tsiku lina analemba kuti, "Kodi mukati laka mumatanthauza chiyani?" Ndinawauza kuti ndi chinthu chabwino, chokoma. Anayankha kuti mawuwo alibe mutu, koma awalemba m'kope.

Chaka chitatha tinaganiza zomanga chiliza. Achimwene ankafuna mawu a pamwala akhale a Chingerezi, ankati chimenecho chokha sichingatipusitsenso. Malume anakana, anati mlongo wawo sankapemphera m'Chingerezi. Anatumiza mawu anayi okha oti alembedwe pansi pa dzina: Amayi, usani mu mtendere. Ndinawakopera bwinobwino pa pepala n'kukapereka kwa mmisiri wina wosema miyala ku Kalingalinga, komboni ina ya mu Lusaka, chifukwa achimwene ankamudziwa ndipo ntchito yake inali yaudongo.

Tsiku lokatenga mwalawo ndinapeza utakutidwa ndi makatoni, womangidwa kale ndi zingwe. Ndinati amasule ndione. Mmisiri uja anamasula monyadira. Pamwala panalembedwa kuti: Amai, gonani mu mtendele.

Ndinamufunsa kuti pepala langa lili kuti. Anati lilipo, koma munalakwitsa, ba sisi. Anati usani si mawu, iye wasema miyala yambiri ndipo aliyense amalemba gonani, ndiye anandikonzera kuti ndisachite manyazi kumudzi. Za y ndi r sanaone n'komwe kuti wasintha. Ndinaima pamenepo pakati pa fumbi la miyala ndi phokoso la owotcherera zitseko, osadziwa kuti ndilire kapena nditani. Mwambo unali Loweruka, limenelo linali Lachitatu, ndipo mwala sufufutika.

Tinaunyamula choncho. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze malume. Titafika anyamata anautsitsa n'kuutsamiritsa pa khoma la nyumba, ndipo m'mawa mwake malume anabwera ndi magalasi awo. Ndinayamba kufotokoza, anandiletsa ndi dzanja. Anawerama n'kuwerenga. Anayendetsa chala pa mawu aja, n'kuima pa l wa mtendele, akukanda pang'ono ndi chikhadabo ngati angachoke.

"Analemba ndi wa kwanu?"

"Ee, malume. Pepani. Tikhoza kukasemetsa wina, tidzabwere nawo ulendo wina."

Anaweramuka pang'onopang'ono atagwira msana. Anayang'ana mwala uja kanthawi.

"Ayi, usiyeni. Mlongo wanga anakhala kwanuko zaka zambiri kuposa zimene anakhala kuno."

Anaitana amisiri omanga chiliza kuti ayambe kukanda simenti, dzuwa lisanakwere.